Ku Varanasi ndinkadya chani popanda nsomba

Chibwerereni kuno ku Nkhotakota funso ndi limodzi basi, anayambitsa ndi amayi, akuti mwana wanga unkadya chani kumeneko, tamva kuti anthu ake sadya nyama olo nsomba. Ndiye ndati ndingolemba pano kuti nonse mumvere limodzi.

Maphunziro athu anali ku Delhi, koma anzanga a konko anandiumiriza kuti ndisabwerere ndisanaone Varanasi, mzinda umene ena amautcha Banaras kapena Kashi, uli m'chigawo cha Uttar Pradesh ku India, m'mbali mwa mtsinje wa Ganga. Pa sitima yothamanga ija ya Vande Bharat ndi maola ngati 8. Ahindu amabwera kuchokera mbali zonse za India kudzasamba mumtsinjewu, ndipo gombe lonse ndi masitepe amiyala otsikira m'madzi, amati ma ghat, alipo oposa 80.

Mukapita, dzukani kudakali mdima mukwere boti. Nyumba ndi akachisi onse ali tsidya limodzi, linalo ndi mchenga wokhawokha, ndiye dzuwa limatulukira pamadzi ngati mmene limachitira kuno kunyanja kwathu, kungoti kumeneko likamatuluka limapeza anthu miyandamiyanda ali m'madzi kufika m'chiuno, agogo okalamba zedi akutunga madzi m'manja kukwezera kudzuwa, ena akuchapa, ana akusambira. Madziwo ndi akuda, sindikubisirani, boma lawo lili ndi ntchito yoyeretsa mtsinjewu kuyambira 2014 koma idakalipo yambiri.

Botilo limadutsa pa Manikarnika, pamene amawotcha mitembo usana ndi usiku. Iwo amakhulupirira kuti munthu akafera ku Kashi sabadwanso kachiwiri, wapumula. Nkhuni zaunjikidwa milumilu, amachita kuyeza pa sikelo, ndipo maliro amabwera atanyamulidwa pa nsungwi atakutidwa nsalu zowala. Mwini boti anatiuza kuti tibise mafoni, koma panali alendo ena mu boti lina akujambula mobisa ndipo zinandiwawa kwambiri, pajatu pamenepo pali wina amene akutsanzikana ndi bambo ake. Chonde mukafika osajambula.

Tsopano za chakudya. M'mawa amadya kachori, timitanda ta ufa wa tirigu tokazinga m'mafuta, mkati muli mphodza zogaya zothira zokometsera, ndiye amakupatsa ndi ndiwo za mbatatesi zamsuzi watsabola mu kambale kosokedwa ndi masamba. Umadya chiimire m'kanjira kopanikiza, njinga zamoto zikuliza mabelu kumbuyo kwako, ng'ombe ikudutsa anthu nkumaipatukira. Ukamaliza amakuikira jalebi, chotsekemera cha ufa chokazinga m'mafuta, wotentha wongochoka m'madzi a shuga, tsabola uja nkuzizira mkamwa. Abale, chakudya chimenechi chimakhala m'mimba mpaka masana.

Koma chimene ndikuchisowa mpaka lero ndi lassi. Ndi chambiko chokhuthara, bambo wogulitsayo amakhala pansi atapinda miyendo nkumachipukusa ndi kamtengo m'manja mwake, kenako amathira mu kakapu kadothi kotchedwa kulhad, pamwamba nkuyala mafuta a mkaka ochindikala mwakuti umayamba ndi supuni. Kakapuko kamapereka kafungo kadothi, ndipo ukamaliza umataya, wina aliyense amamwera katsopano. Ingosamalani, pali malo ena amathiramo bhang, chimenecho ndi chamba, funsani kaye musanamwe. Madzulo ndi tamatar chaat, tomato wophwanya ndi mbatatesi pa chiwaya chachikulu, chowawasa, chotsekemera komanso chowawa tsabola nthawi imodzi. Malaiyo, thovu la mkaka lija amalitama kwambiri, limapezeka nyengo yozizira yokha cha mu Disembala ndi Januwale, ndiye konzani ulendo wanu moganizira zimenezo. Ine lamulo langa linali kudya pamene pali mzere wa eni mzinda, chotentha chongophulidwa, ndi kumwa madzi a m'botolo basi.

Dzuwa likalowa pa Dashashwamedh pamakhala pemphero la nyali lotchedwa aarti, ansembe achinyamata akuzungulitsa nyali zamkuwa zoyaka moto, mabelu akulira, anthu odzaza mpaka m'maboti, fikani msanga mupeze pokhala. Kachisi wamkulu wa Kashi Vishwanath amene alipo panoyu anamangidwa mu 1780 ndi mfumukazi Ahilyabai Holkar, mzere wake ndi wautali ndipo foni salola. Ku Sarnath, makilomita ngati 10 kuchokera mumzinda, ndi kumene Buddha anaphunzitsa koyamba, kuli bata ndipo mu myuziyamu muli mikango yamwala ya mfumu Ashoka ija imaoneka pa ndalama za India.

Amalume, amene saphonya Ijumaa ku mzikiti, anadabwa nditawauza kuti mzindawu uli ndi Asilamu ambiri ndipo ndi amene amaluka nsalu zambiri za silika zotchuka za Banarasi. M'madera awo nyama imapezeka bwinobwino, ndiye wofuna biriyani akafunsire kumeneko.