Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Chikhothi Choyera

Gawo lathali ndinakusiyani nditangotsika ndege ku America, kumene ndinapita kukaphunzira zoyeza maso, sutikesi imodzi m'manja, chitenje cha amayi chili m'khosi. Sipanathe sabata, anali atandiveka kale chikhothi choyera cha adokotala.

Nditawauza amalume pafoni kuti Loweruka kuli mwambo wa chikhothi, iwo anamva chikoti. "Walakwa chiyani kale iwe, sabata yoyamba yomweyi?" Tinaseka mpaka mayunitsi kutha.

Mwambowu ukauona ungati ndi wamakedzana, koma ndi wadzulodzulo. Monga umachitikira lero, unayamba mu 1993 pasukulu ya madokotala ya Columbia ku New York, ndipo mwini nzeruyo anali Arnold Gold, dokotala wa matenda a ubongo mwa ana. Chinkamuwawa n'chakuti ophunzira ankalumbira lumbiro la Hippocrates, lolonjeza kusamalira odwala mokhulupirika, potuluka sukulu, zaka zinayi zitatha, ena mtima utauma kale. Iye ankafuna kuti lumbirolo lidze polowa. Kuchoka kwa madokotala mwambowo unafalikira kwa a mano, a mankhwala, anamwino, ndi ife oyeza maso. Pa nthawi yochitira pokha m'pamene masukulu a maso sanamvane: ena amaveka ophunzira sabata yoyamba, ena amadikira chaka chachiwiri chithe, wophunzira ali pafupi kuyamba kuona odwala. Yathu inali ya sabata yoyamba.

Holo inadzaza ndi makolo, maluwa, makamera. Ine ndinalibe wanga. Tikiti ya ndege yokha ikanadya ng'ombe zonse za m'khola la agogo, osanena za viza. Mayi wina wa mnzanga wa m'kalasi, amene ndinali nditangomudziwa masiku atatu, anati ndiwapatse foni andigwirire. Mwambo unayamba 2 koloko masana, kwathu ku Dedza ili 8 koloko usiku, magetsi atathima monga mwa nthawi zonse. Pa WhatsApp ndinkangoona mano a amayi ndi mphumi ya mng'ono wanga, zowala ndi tochi.

Woitana mayina anapunthwa kawiri pa dzina langa. Ndinakwera pansanja, n'kutembenuka, mphunzitsi n'kundilowetsa manja m'chikhothi kuchokera kumbuyo. Holo ili zii, kunamveka nthungululu kuchokera m'foni muja. Mayi wachizungu uja anatsala pang'ono kuiponya pansi. Anthu anaseka, kenaka anaomba m'manja, ine misozi ili chuchuchu. Zimenezo sindingazinyoze, ndipo amene amati mwambowu ndi chionetsero chabe sanamvepo mayi wawo akululutira kuchokera kutsidya la nyanja.

Vuto linayamba m'mawa mwake. Chithunzi chinazungulira mudzi wonse, kumpingo, mpaka kwa achibale a ku Johannesburg. Chikhothi cha wophunzira chimakhala chachifupi, cholekeza m'chiuno, pamene cha dokotala weniweni chimafika m'mawondo. Ku America aliyense wa m'chipatala amadziwa kusiyana kumeneku. Ku Dedza ndani ankadziwa? Ndinadzuka ndili "adokotala". Azakhali anatumiza chithunzi cha diso lofiira, chojambulidwa pafupi kwambiri moti poyamba ndinayesa phwetekere. "Adokotala, ndigule mankhwala anji?" Wina anafunsa ngati ng'ala ya agogo ake ingasungunuke ndi mankhwala odontheza. Wina ankafuna ndimutumizire magalasi, osayeza, "aja owerengera Baibulo". Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa ngakhale poyatsira kachipangizo kounikira m'kati mwa diso. Ndinkangoyankha kuti pitani kuchipatala, iwo n'kumati mwana wayamba matama.

Ndinachibwezera m'pulasitiki chikhothi chija, n'kuchipachika kuseri kwa zovala.

Zaka ziwiri zotsatira zinali za mabuku. Masamu a kuwala, mmene kumapindikira kukadutsa m'galasi, mitsempha 12 yochokera m'ubongo, mankhwala ndi zimene amachita m'thupi. Masana tinkayezana tokhatokha m'chipinda chamdima, retinoscope (kanyali koyezera magalasi oyenera diso) m'manja, kulondola kakuwala kofiira m'diso la mnzako mpaka iye kutuluka misozi n'kukutukwana. Tinkakhazikana kuseri kwa phoropter, chimakina cha magalasi ambirimbiri chija, n'kumafunsana kuti likuoneka bwino ndi liti, loyamba kapena lachiwiri. Mtsikana amene tinaima naye limodzi pamzere tsiku la mwambo sanabwererenso chaka chachiwiri. Masamu anamugonjetsa. Ndinamuthandiza kulongedza katundu, ndipo chikhothi chake, dzina lake litasokedwa pachifuwa ndi ulusi wabuluu, anachisiya pampando. Makolo ake anali atayenda tsiku lathunthu pagalimoto kudzaona akuchivala. Sitinachitchule, ine kapena iye.

Ndinali ndi mnzanga wa ku Ghana pasukulu ina ya maso, kumene amadikira chaka chachiwiri chithe. Iwo mwambo unachitika atapambana mayeso osonyeza kuti angathe kuyeza munthu kuyambira pakhomo mpaka kumulembera magalasi. Anandiimbira usiku womwewo mawu atasasa. Tinakangana. Ine ndinkateteza sukulu yanga, mwina chifukwa cha nsanje: ndinati Gold ananena zoona, munthu uyenera kudziwa tsiku loyamba kuti ukuphunzirira anthu, osati mayeso. Iye anati lumbiro lumbirani tsiku loyamba ngati mukufuna, koma chovala n'china, chifukwa chovala chimalankhula kwa anthu ena, osati kwa iwe. Ndinakumbukira phwetekere wa azakhali ndipo ndinasowa choyankha.

Kunena zoona, nzeru imeneyi ndinali nayo kale kuchokera kwathu, kungoti sindinaiganizire. Namwali samuveka zatsopano polowa m'tsimba. Amayamba wakhala pansi, anamkungwi amulange, amumete, ndipo potuluka m'pamene mudzi umamuona atavala bwino, anthu n'kumamufupa. Ife anatifupa pakhomo lolowera. Lero wina atandifunsa, ndingati lumbiro likhale sabata yoyamba, m'kalasi, popanda makamera, koma chikhothi chidikire. Makolo adzabwere pamene pali chowaonetsa.

Tsiku loyamba kukiliniki ndinachitulutsa m'pulasitiki, n'kuchisita kawiri. Chinali chitayamba kundithina m'mapewa, zakudya za ku America si zamasewera. Wodwala wanga woyamba anali bambo wachikulire wakuda, woyendetsa basi wopuma pantchito, amene anangobwera kudzasintha magalasi owerengera. Anayang'ana baji yanga, n'kufunsa kumene ndimachokera. Nditati Malawi, anagwedeza mutu mwaulemu ngati wamva.

Zonse zinayenda bwino mpaka pofika poyeza kuthamanga kwa madzi a m'diso. Umadontheza mankhwala ochititsa dzanzi ndi utoto wachikasu wa fluorescein, kenaka kansonga ka makina kamakhudza diso lenilenilo, nyali yabuluu ikuwala. Ndinali nditachita zimenezi kambirimbiri pa anzanga, koma tsiku limenelo dzanja linkanjenjemera ngati la mbala, ndipo utoto unandidonthera pamkono wa chikhothi. Bambo aja anati ndisafulumire, alibe kopita. Mwa anthu ambiri nambala imakhala pakati pa 10 ndi 21. Diso lawo lamanja linapereka 28. Ndinayezanso. 28. Nditaunika kumbuyo kwa diso, mtsempha wa maso unali wokumbika pakati ngati mbale ya ndiwo. Izi ndi zizindikiro za glaucoma, nthenda yowononga mtsempha wa maso. Nthawi zambiri siwawa, imadya kuona kuyambira m'mbali mwakachetechete, imakonda kwambiri ife akuda, ndipo zimene yadya sizibwerera. Bambowa sankadziwa kalikonse.

Ndinatuluka kukaitana dokotala wotiyang'anira, miyendo ili lendelende. Anayeza yekha, anapeza zomwezo, n'kundiuza kuti ndiwafotokozere ndine, iye aima pambali. Ndinakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana nawo. Sindikumbuka mawu onse amene ndinanena, koma ndikukumbuka kuti anandigwira pamkono, pomwe panali utoto paja, n'kufunsa ngati adzathe kuona mdzukulu wawo akumaliza sukulu. Ndinawauza kuti tazipeza nthawi ikadalipo, ndipo mankhwala odontheza tsiku lililonse angathe kuteteza zimene zatsala.

Madzulo ndinatumiza chithunzi kwa amayi. Anayankha ndi uthenga wa mawu: "Chovala cha anthu wachidetsa ndi chiyani? Uchinyike m'madzi a sopo usiku wonse." Ndinachinyika. Banga linafifia koma silinachoke.

Gawo likubwerali ndidzakuuzani za ulendo wanga woyamba wobwerera kumudzi, ndi zimene ndinapeza nditayang'ana m'diso la azakhali aja.