Tsopano ndamvetsa chifukwa chake sitata imapuma chubu chikayaka

Dzulo ndinagona tulo tofa nato. Kwa masabata atatu sitata, kachitini kosaposa chala chachikulu kothandiza kuyatsa chubu cha nyali, kakhala kakundisowetsa mtendere, koma dzulo masana, ndili chogwada pambali pa bedi la UV lodetsera khungu lomwe timaphunzirirapo kukonza, zonse zinangoti mbee.

Za kalumikizidwe ka choki, koyilo ya waya yochepetsa magetsi odutsa mu chubu, sindibwereza, anzanganu mumakadziwa kale. Panga ponditsamwa panali pa sitata. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti ntchito yake ndi kulumikiza magetsi basi, osadziwa kuti chubu chimayaka pa nthawi imene sitatayo ikusiya.

Mkati mwa kachitini kaja muli kababu kagalasi kokhala ndi mpweya wa neon kapena argon, komanso kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatana. Ukayatsa bedi, mpweya uja umanyezimira, kachitsulo kamatentha n'kupindika mpaka kukhudza kanzake. Apo magetsi amadutsa mu choki ndi m'timawaya ta kunsonga za chubu, timawayato n'kuyamba kufiira. Izi ndinkazidziwa. Chomwe chinkandiphonya n'chakuti zitsulo zija zikangokhudzana, kunyezimira kumazima, kachitsulo kamazizira n'kubwerera pamalo pake. Pa kulekana pamenepo choki, yomwe silola kuti magetsi aduke mwadzidzidzi, imaponya mavoti mazanamazana, ndipo chubu chimagwira. Chikagwira, mavoti a pakati pa nsonga zake amatsika kwambiri moti sangayatsenso mpweya wa mu sitata. Imangokhala phee. Ndinakayesa pa nyali wamba ya pabenchi, ndinazula sitata chubu chili chiyakire, ndipo sichinazime. Ndinaimirira pamenepo kanthawi ndikungochiyang'ana.

Ukamvetsa zimenezi, kuphethira kwa chubu kumayamba kulankhula. Chubu chokalamba, chija chakuda kunsonga, chimakanika kugwira. Sitata imayesa, imasiya, imayesanso, mpaka nayo imatopa. Ndiye kuti nthawi zambiri sitata yomwe tikuinena kuti yafa yaphedwa ndi chubu. Zimachitikanso mbali inayo. Zitsulo za mkati mwa sitata zikamatirirana osalekananso, nsonga ziwiri za chubu zimangofiira pakati pali bii, ndipo timawaya tija timapsa pang'onopang'ono. Ukaika chubu chatsopano pa sitata yotere, wachiwononga ndi manja ako. Ndaonanso chifukwa chake aphunzitsi amatikakamiza kuwerenga mawati olembedwa pa sitata. Pali machubu a 100 W, pali a 160 W, ndipo sitata yosayenerera imatha kumangodzuka chubu chitayaka kale, kapena kulephera kuchiyatsa n'komwe.

Njira yanga, ndipo palibe angandichotse pamenepa, ndi yosinthanitsa. Ndimazula bedi kukhoma, ndimachotsa chipulasitiki choonekera chija chomwe munthu amagonapo, ndimapotokola sitata pang'ono chakumanzere n'kuizula, kenako ndimaisinthanitsa ndi ya chubu choyandikana nacho chomwe chikuyaka bwino. Vuto likasamuka, ndi sitata. Likatsala pomwepo, ndimasinthanitsa machubu. Likakakamirabe, maso anga amapita pa choki kapena pa zogwirira chubu. Bedi la machubu 24 kapena kuposa limakupatsa lokha zoyesera, mita yoyezera magetsi ingokhala m'thumba. Mnzanga wina akuti ndikuikweza mopitirira, koma dzulo yandipezera zolakwika ziwiri iye akufunabe batire la mita yake. Chimodzi chokha sindinyengerera: poyatsa kuti ndione, magalasi oteteza maso amakhala kumaso ndipo sindichedwa. Mu 2009 bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa la IARC linaika makina amenewa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, ndiye si kuwala koti munthu uziima pamenepo ukusinkhasinkha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi aphunzitsi anazijambula pabolodi kwa mphindi zosakwana khumi, n'kufufuta ife tisanamalize kukopera. Nditafunsa chifukwa chake sitata siyambiranso chubu chikayaka, anangoti zili m'manotsi. M'manotsimo muli chithunzi, mulibe chifukwa. Sindikuti sadziwa, amadziwa kwambiri, koma munthu amene wagwira chinthu zaka zambiri amaiwala pomwe woyamba amapunthwa. Bedi nalo ndi limodzi, ife ndife gulu, ndipo nthawi yako ikakwana umapeza wina wamasula kale zonse osakumbuka sitata iti inali pati. Masabata atatu apita pa chinthu choti munthu akanandionetsa tsiku limodzi ndi kababu kamodzi kotsegula.

Pali zina zomwe sizinakhazikikebe mumtima mwanga. Ena akuti posintha machubu uzisinthiratu masitata onse, ena akuti uzidumpha ulendo umodzi. Mutu wanga ukugwirizana ndi oyambawo, koma dzanja limalemera kutaya sitata yomwe ndaiona ikugwira ntchito bwinobwino. Komanso pomwe machubu awiri aafupi akugawana choki imodzi, njira yanga yosinthanitsa ija imayamba kundisokoneza, chifukwa chimodzi chikadwala chinzake chimazimanso. Ndipo mabedi okhala ndi balasiti ya ilekitironiki, yomwe imalowa m'malo mwa choki, alibe sitata n'komwe. Kaya pa mayeso a manja atipatsa bedi lotani, kaya ndikafika pamenepo zimene ndamvetsa dzulozi zidzabwera msanga m'mutu, sindikudziwa.