Icon ya gemu yanga tsopano ikuoneka ngati bawo

Anzanga, icon ija, kachithunzi koimira gemu yanga ya pa foni, yatheka. Loweruka ndinapita nayo kwa madala amene amasewera bawo pafupi ndi msika wa Kasungu kuno, ndinaiika pa foni ya Itel dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndisanafotokoze kalikonse mmodzi anati, "Aka si kabawo aka? Mwakalowetsa mufoni, achimwene?" Mawu amenewa ndi amene ndakhala ndikuwafuna kuyambira mwezi watha.

Kwa amene mwangondipeza kumene: gemuyi ndikuipanga mu Godot 4, pulogalamu yopangira magemu, ndipo si bawo ya anthu awiri ayi. Munthu amapatsidwa kabolodi kakang'ono nkhomo zitayalidwa kale, iye n'kupeza njira yozidyera zonse asanathe mwayi wake wosuntha. Ndi yosewera podikira minibasi kuti idzaze. Malevulo alipo ndipo akuyenda bwino. Chimene chinandiimitsa ndi kachithunzi ka pa Play Store, sitolo ya Google yotsitsirako mapulogalamu a pa foni.

Icon yoyamba ndinajambula bolodi lonse mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape, mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, monga bawo yeniyeni imakhalira. Ndinaika ngakhale timizere ta thabwa. Pa 512 x 512 px (ma pixel, timadontho topanga chithunzi pa sikirini), muyezo umene Google Play imafuna, pa laputopu inkaoneka yokongola zedi. Koma munthu amene akufufuza gemu pa foni saiona choncho. Amaiona yaing'ono ngati chikhadabo, ili pakati pa ma icon ena owala. Nditaichepetsa kufika pa 48 px, dzenje lililonse linatsala ndi malo osapitirira 6 px, ndipo nkhomo zinangosanduka timadontho ta fumbi. Amene ndinawaonetsa anati ndi thireyi ya mazira. Mlongo wanga anati ndi chokoleti.

Ndiye ndinapita mbali inayo: dzenje limodzi lalikulu, nkhomo zochepa mkati. Ukhondo wake unalipo, chilichonse chikuoneka. Koma apa anthu anayamba kunena kuti ndi mbale ya mtedza, ena chisa cha nkhuku. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chimene chimapangitsa diso kunena kuti "bawo" si dzenje palokha, koma maenje ondondozana pa thabwa lokhala ndi m'mphepete. Dzenje likakhala lokha limasanduka chiwiya cha kukhitchini. Tsono ndinasankha kudula kona imodzi ya bolodi, yopendekeka pang'ono, maenje anayi akuoneka athunthu ndipo ena awiri akutuluka m'mbali mwa chithunzi kuti munthu adziwe kuti mzerewo ukupitirira.

Maonekedwe atakhala bwino, vuto lenileni linatsala pa mitundu, ndipo ili ndi limene linandidyera masiku. Bawo yeniyeni ndi yofiirira: thabwa lofiirira, maenje ofiirira moderako, nkhomo zotuwa. Ine ndinkafuna kusunga mtundu umenewo chifukwa ndi umene tinakula tikuuona pakhonde. Usiku m'nyumba, sikirini ili pa kuwala kwake konse, zinkasiyana bwinobwino. Kutuluka nayo panja masana, zonse zinkangosakanikirana kukhala chibanthu chimodzi. Ndinasintha thabwa kukhala lofiira pang'ono, osathandiza. Ndinaika mzere wakuda kuzungulira dzenje lililonse, pa 48 px mzerewo unangodetsa chithunzi. Ndinayesa kuwalitsa nkhomo ndi ka highlight, kanasowa. Ndinafika poganiza kuti mwina foni yanga ndi imene yatha.

Chimene chinanditsegula maso ndi Desaturate, chida chochotsera mitundu cha mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. Mukachotsa mitundu yonse n'kutsala ndi zoyera ndi zakuda zokha, mumaona zoona zake. Thabwa langa, maenje ndi nkhomo zonse zinatuluka zotuwa mofanana. Mitundu inali yosiyana inde, koma kuwala kwake kunali kumodzi, ndipo padzuwa, pa sikirini yotsika mtengo, chimene chimapulumuka ndi kusiyana kwa kuwala basi. Kuchokera pamenepo ndinayamba kupanga icon yonse mu zotuwa kaye: kumbuyo kwakuda, thabwa lowala, mkati mwa maenje mwakuda kwambiri, nkhomo zoyera. Zitasiyana bwino m'pamene ndinabwezeretsa mitundu. Kumbuyo ndinaika buluu woderako, thabwa lachikasu chopita ku olenji, nkhomo zoyererako, ndipo imodzi yokha yofiira kuti diso likhale ndi poyambira. Si mtundu wa bolodi la agogo anga, ndipo zimenezi zimandikhudzabe mumtima, koma munthu akuizindikira ali patali.

Njira ina imene ndaikonda ndi kuika Gaussian blur pa icon, kutanthauza kuichititsa chimbuuzi dala. Ngati itasokonezedwa choncho ikuonetsabe madontho akuda ondondozana pa chinthu chowala, ndiye kuti ili bwino. Komanso ndimatenga screenshot ya tsamba la magemu a puzzle pa Play Store, n'kumata icon yanga pakati pa enawo. Pamenepo m'pamene mumaona ngati ikumira. Ndimayesa pa tsamba loyera ndi pa lakuda (dark mode) pomwe, chifukwa buluu wanga woyamba ankalowerera m'tsamba lakuda mpaka m'mphepete mwa icon osaoneka.

Pa nkhani ya mafoni oyesera, ndiyamikire mnyamata wina wokonza mafoni pafupi ndi depoti. Ali ndi katoni ya mafoni akale amene eni ake sanabwererenso kudzatenga, ma Tecno, ma Itel, ka Samsung kosweka galasi. Amandilola kukhala pa benchi yake n'kumaika chithunzi changa pa iliyonse. Kwa ine katoni imeneyi ndi yofunika kuposa monitor yodula, chifukwa anthu amene ndikuwapangira gemuyi, a ku Chamama, ku Santhe, ku Chinkhoma, mafoni awo ndi amenewa. 

Pa mafoni akewo ndinaonanso kuti icon ya pa sitolo ndi ya pa foni penipeni si chinthu chimodzi. Ya pa Play mumatumiza ya makona anayi yathunthu, PNG yosapitirira 1024 KB, popanda kuzungulitsa makona kapena kuika mthunzi, chifukwa Google imachita yokha zimenezo. Ya pa foni penipeni ndi adaptive icon, imene foni imaidula yokha, imene inabwera ndi Android 8.0 mu 2017: zigawo ziwiri za 108 dp (muyezo wa Android wa kukula kwa zinthu pa sikirini), koma malo amene sadulidwa ndi bwalo la 66 dp lapakati. Foni ina imadula mozungulira, ina mwa makona ofewa. Nkhomo yanga yofiira inali kunja kwa bwalolo ndipo pa foni ina inadulidwa theka. Ndinangoisunthira mkati, nkhani inatha.

Ena mwa inu munandilangiza kuti ndilembe dzina la gemu pa icon. Ayi, sindichita. Dzina limalembedwa kale pambali pake, ndipo zilembo pa 48 px siziwerengeka. Pa gemu yanga yakale ya mawu a Chichewa, imene ndinaika pa webusaiti ya magemu ya itch.io, ndinalembadi dzina pa chikuto, koma kumeneko malo ndi 630 x 500, ndi otakasuka. Ndipo kuyambira 2021 Google inaletsa mawu monga "Free" kapena "#1" pa icon, choncho amene mukuganiza zokopa anthu mwa njira imeneyo musataye nthawi. Sindifunanso nkhope yotsegula kukamwa imene yadzaza pa magemu ambiri. Gemu yanga ndi yachete, yoganiza. Munthu akaitsitsa chifukwa cha phokoso la pa icon, adzaichotsa tsiku lomwelo, bandulo yake itapita pachabe, ndipo adzakhala ndi chifukwa chondidandaulira.

Dzanja lokha ndi limene ndikulilingalirabe. Bambo wina pa madala aja anati, "Bawo popanda dzanja ndi thabwa chabe, mwana wanga." Akunena zoona, kukoma kwa bawo kuli pa dzanja likamayenda m'maenje. Ndinayesa kuliika pa icon koma zala zinaphimba maenje awiri, ndipo titachepetsa zinangokhala chinthu chosadziwika. Ndikuganiza zoliika pa feature graphic, chithunzi chachikulu cha pa tsamba la gemu pa Play Store, cha 1024 x 500, kumene kuli malo okwanira dzanja, bolodi lalitali ndi dzina.

Chotsatira ndi closed testing, kuyesetsa gemu kwa anthu ochepa osankhidwa isanatuluke. Akaunti yanga ya Google Play ndi ya munthu payekha, yotsegulidwa pambuyo pa November 2023, ndiye pakufunika anthu 12 oti akhale mu test masiku 14 osadukiza ndisanaloledwe kutulutsa gemu kwa onse. Amene muli ndi foni ya Android ndipo muli ndi mtima wothandiza, ndikufunani. Ikadzatuluka ndikufuna kuyesa store listing experiments, njira ya Play Store yoonera chithunzi chimene chikukopa anthu ambiri, icon ya buluu ipikisane ndi ina ya kumbuyo kobiriwira, ngakhale zimenezi zimafuna anthu ambiri odutsa pa tsamba kuti zotsatira zimveke. Kenako ndimasulire gemu m'Chiswahili, poti ku Tanzania ndi ku Zanzibar bao amaikonda kwambiri, ndipo $100 yoikira gemu pa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, ikadzapezeka ndidzayambe kujambula ma capsule, zithunzi zoonetsera gemu kumeneko, mwina ndi bolodi la 3D limene nkhomo zake zizigwa ndi kaphokoso kake.