Majini osuntha ndi matenda a Alzheimer

Sabata ino ndakhala ndikulingalira za tizidutswa ta DNA timene timatha kudzikopera n'kukakhazikika pamalo ena mkati mwa selo, totchedwa majini osuntha (majini ndi zigawo za DNA zosunga malangizo a chibadwa). Barbara McClintock ndiye anatulukira majini osuntha pofufuza chimanga m'zaka za m'ma 1940, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1983. Pafupifupi theka la DNA ya munthu linachokera ku tizidutswa totere, koma thupi limatimanga zolimba kuti tikhale chete.

Mu 2018, ofufuza a ku Texas, m'dziko la America, anasonyeza kuti puloteni ya tau, imene imaunjikana mu ubongo wa odwala Alzheimer (matenda a kuiwala), imamasula zomangirazo, tizidutswato n'kudzuka. Tikadzuka tingathe kusokoneza majini oyandikana nato, ndiponso selo lingatiyese kachilombo n'kuyambitsa kutupa kumene kumavulaza ubongo.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi chakuti lamivudine, amene ali m'ma ARV omwe abale athu ambiri amamwa tsiku ndi tsiku, amalepheretsa kudzikopera kumeneku. Ku San Antonio, mzinda wa ku Texas, anamuyesa pa odwala Alzheimer 12 okha, choncho sanavomerezedwe pa matenda a kuiwala, ndipo ndikupempha kuti pasapezeke wopatsa agogo ake mankhwalawa popanda dokotala.