Usiku umodzi ku Chambe

Pagulu lathu la WhatsApp, amene anati "ndiwerengereni" paulendo wokagona ku Chambe, m'phiri la Mulanje, anali 14. Loweruka m'mamawa pa Limbe tinapezekapo asanu ndi awiri. Wina kwagwa maliro, wina mwana watentha thupi, wina anangozimitsa foni. Tinadzera msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, pomwe tinagula tomato, usipa ndi buledi, kenako tinakhotera ku Likhubula, patsinde pa phirilo.

Pa ofesi ya zankhalango tinalembetsa mayina, tinalipira, ndipo tinatenga wotilondolera njira ndi anyamata atatu onyamula katundu. Ine ndinakana kupereka chikwama changa. Munthu wothamanga m'mawa uliwonse ku Chilomoni andinyamulire wina? Njira ya Skyline inandichotsa matama ola lisanathe. Njirayi siizungulira, imangoloza kumwamba, mwala pamwamba pa mwala. Mnyamata wina, atavala patapata, anangoti, "Bweretsani kuno achimwene," n'kuchisanjika pa chikwama chimene anali atasenza kale. Anatiuza kuti chaka chilichonse amachita nawo mpikisano wa onyamula katundu, wochokera pa Likhubula kudzera ku Chambe ndi Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula, ndipo akatswiri ake amamaliza maola atatu asanakwane. Ife kungofika ku Chambe kokha kunatidyera maola asanu.

Ukangotulukira pamwamba dziko limatambasuka: udzu, timitsinje tozizira, ndi nsonga ya Chambe, mamita oposa 2,500, itaima ngati chipupa. Kumusi minda ya anthu ikuoneka ngati zigamba. Sitinakhute kuona, chifukwa chiperoni chinabwera mwakachetechete, nkhungu ndi mvula yowaza ija yochokera cha ku Mozambique. Mnzako ali patsogolo pomwepa osamuona. Wotilondolera anatiletsa kumwazikana, ndipo palibe anatsutsa.

Nyumba yogonamo okwera phiri ya ku Chambe ilibe magetsi. Muli pokolezera moto, tebulo, matiresi, basi. Zofunda ndi chakudya umabwera nazo wekha. Amene amaisunga ndi bambo mlonda, munthu wamkulu wosalankhulalankhula, amene tinapeza atatunga kale madzi ndi kuwaza nkhuni. Mlongo wathu wina anaphika nsima, ndipo usipa wa tomato umene kunyumba timaunyoza tinautha mpaka kupukuta mpoto.

Kuzizira kwa Julayi kumeneko ndi nkhani ina. Tinazungulira moto titavala chilichonse chinali m'zikwama, sokosi m'manja momwe. Apa m'pamene bambo aja anamasuka. Ndinawafunsa za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje lokha. Anakhala kaye chete, kenako anati ali mnyamata fungo lake linkamveka munthu usanaione mitengoyo. Lero zatsala zitsa. Macheka ndi moto wolusa zinamaliza. Pali mbande zimene a bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akudzala, koma mkungudza sufulumira kukula. Ndinakumbukira timabokosi tonunkhira timene ndinkafunsa mtengo wake m'mawa uja kumusi, ndipo ndinangoyang'ana moto.

Nkhani inatembenukira ku mizimu, monga zimakhalira. Tonsefe tinakula tikumva kuti Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, dzina lake likunena kale zonse. Agogo anga ankati ukapeza chakudya m'phiri muno, nthochi kapena nsima yotentha, udye wekha mwakachetechete. Ukaitana mnzako chimasowa, mwinanso iweyo osabwerera. Mnzathu wa ku banki anaseka n'kunena kuti zimenezo n'zamakedzana. Wina anamukumbutsa kuti mu 2025 a UNESCO anaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse makamaka chifukwa cha zikhulupiriro zomwezo za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Chimene ndinaona n'chakuti usiku umenewo, wa ku banki uja atafuna kupita kuchimbudzi, anadzutsa anthu awiri omuperekeza.

Ndinadzuka woyamba. Nkhungu inali itachoka, udzu uli mbuu, dzuwa likungopsopsona nsonga ya Chambe. Pakhonde, pamwala, panali mbale ya mbatata zootcha, zikufukabe nthunzi. Ndinayang'ana uku ndi uku, munthu panalibe. Ndinakumbukira mawu a agogo. Ndinakhala pansi n'kudya zonse ndekha, osaitana munthu.

Ndikumaliza yotsiriza, bambo mlonda anatulukira kuseri atanyamula ndowa. "Mwagawana bwino? Ndinawerenga zisanu ndi ziwiri."

Potsika tinadzera njira ya Chapaluka, yotalikirapo koma yachifundo pa maondo, n'kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba, madzi ake oluma mafupa. Njira yonseyo palibe anandilankhula bwino. Mpaka lero pagulu paja dzina langa analisintha, akuti ndine Mzimu wa Mbatata, ndipo agwirizana kuti ulendo wa ku Thuchila, m'phiri lomweli, chakudya chonse ndidzagule ndine.