Owerenga akamati nthano ilibe mchere

Nthano ya akuluakulu ya masiku ano, ija Kalulu watenga kaloba pamsika wa Kapata kapena Fisi wapita chikamwini ku Katete, imagawa owerenga pawiri. Ena amati yakoma, ena amati ilibe mchere. Inu olemba, odandaulawo musawanyoze, chifukwa mukawafunsitsa mupeza kuti akuloza pomwe nthanoyo yathyokera.

Kawirikawiri imathyokera pa nyimbo. Nthano ya pamoto inali ya anthu onse: wosimba akati "Padangokhala", omvera ankayankha "Tili tonse", ndipo pakati pake pankabwera nyimbo yoti onse avomere. Papepala wovomera palibe, choncho olemba ambiri amangoitaya nyimboyo. Apa mpamene owerenga amati nkhani yauma. Nyimbo ikhalepo, ya mizere iwiri kapena inayi basi, ndipo ibwere katatu. Kawiri koyamba mawu akhale omwewo. Kachitatu musinthe liwu limodzi lokha, lija loulula chinsinsi. Ngati mkazi ankaimba pamtondo kuti mwamuna wake wapita kumunda, kachitatu aimbe kuti wapita ku Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi, ndipo wowerenga adziwa yekha kuti feteleza wa kumunda uja wawoloka malire. Nyimbo ikabwera kasanu, maso amangoidumpha.

Nyama nazo zisataye khalidwe lake. Kalulu mukhoza kumupatsa foni, Kamba njinga yonyamulira anthu, palibe angatsutse. Koma Fisi akasanduka wanzeru ndi wodziletsa popanda chifukwa, wowerenga amamva kuti mwamunamiza, poti Fisi amamudziwa kuyambira ali mwana: wadyera, wamantha, wothamangira fungo la nyama kuwiri. Dyera lomwelo liikeni pankhani za akulu, monga chuma cha masiye, ngongole kapena mitala.

Pa mawu akuti "ya akuluakulu" pamakhala kusamvana. Ena amaganiza kuti ndi chilolezo cholemba zolaula. Ine ndikuona kuti owerenga athu, amene anakulira pa mikuluwiko ndi zining'a, amakondwa kwambiri akamasula okha. Za kuchipinda zinenedwe mophiphiritsa, monga amachitira anamkungwi. Chimene chimaikulitsa nthano n'chakuti wolakwa akhoza kupulumuka, wolungama n'kutsala manja ali m'khosi, ndipo palibe mfumu yobwera kudzakonza zonse.

Chodandaula china n'chachifupi: ulaliki wa kumapeto. Ndime yoyamba ndi "Phunziro lake ndi lakuti" ichotseni.

Musanaitulutse nthanoyo, iwerengeni mokweza kwa anthu atatu kapena anayi, mmodzi akhale agogo odziwa kusimba. Isapitirire mphindi 10. Gwirani pensulo ndi kuika chizindikiro paliponse pomwe wina watenga foni kapena wafunsa kuti "Ndani uja wanena zimenezo?" Funso limenelo likabwera kawiri, ndiye kuti anthu a m'nthanomo achuluka, atsale anayi, ena onse muwachotse.