Tsopano tili nawo onse anayi: SP-A, SP-B, SP-C ndi SP-D

Mwezi uno tatulutsa antibody yathu ya SP-C yokhwima. Antibody ndi puloteni yotetezera thupi imene imagwira chinthu chimodzi chokha, ndipo ofufuza amaigwiritsa ntchito pozindikira puloteni imene akufuna. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni kampani yathu yaing'onoyi, wofufuza angathe kupeza kwa ife ma antibody a mapuloteni onse anayi a surfactant. Chimwemwe chadzaza tsaya, ndipo ndikufuna makasitomala athu adziwe kumene tachokera.

Surfactant ndi mafuta ochepa kwambiri amene amayalana mkati mwa timatumba ta mpweya m'mapapo. Akasowa, timatumbati timamatana ngati jumbo yonyowa munthu akatulutsa mpweya. Mu 1959 Mary Ellen Avery ndi Jere Mead anasonyeza kuti makanda obadwa masiku osakwana amene ankamwalira chifukwa chobanika ankasowa mafuta amenewa, ndipo mu 1980 Tetsuro Fujiwara ku Japan anathira surfactant m'mapapo a makanda otere, nayamba kupuma bwino. Pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse ndi mafuta enieni, otsalawo ndi mapuloteni. Mapuloteniwo ndiye ntchito yathu. Tinaiyamba titatopa kuona ofufuza anzathu akutaya ndalama ndi miyezi pa ma antibody amene ankagwira chilichonse chimene akumana nacho.

SP-A ndi SP-D sanativute kwenikweni. Ndi akuluakulu, amagwirizana ndi madzi, ndipo ntchito yawo ndi kugwira tizilombo tolowa ndi mpweya. SP-B, wa ma amino acid 79, anatitulutsa thukuta, koma tinamukwanitsa. Amene anatigonetsa ndi mutu ndi SP-C. Kapuloteni kameneka kali ndi ma amino acid pafupifupi 35 okha, kamathawa madzi, kamakakamira m'mbali mwa chubu, komanso kamafanana kwambiri pakati pa munthu, mbewa ndi kalulu, moti thupi la kalulu limachedwa kukazindikira kuti ndi kachilendo. N'chifukwa chake ambiri amangogulitsa antibody ya proSP-C, imene ndi SP-C yaikulu isanadulidwe kuti ikhwime. Imeneyo ndi yabwino pofuna kuona maselo a type II, amene amapanga surfactant m'mapapo, nafenso tili nayo. Koma wofufuza amene akufuna kudziwa ngati selo lamaliza kudula puloteniyo mpaka kukhwima amafunika yosiyana nayo.

Apa ndi pamene tinatsala pang'ono kutseka. Tinagula peptide (kachidutswa ka puloteni) ya SP-C kwa ogulitsa ena, inabwera ndi chikalata chonena kuti ndi yoyera. Tinabaya nayo akalulu kuti matupi awo apange antibody, tinadikira miyezi, seramu (madzi a m'magazi okhala ndi antibodyyo) inatuluka. Pa Western blot, njira yoyezera imene imaonetsa mzere antibody ikagwira puloteni, mzere unaoneka bwinobwino, tonse tinasangalala. Kenako tinaiyesa pa mapapo a mbewa zimene zinachotsedwa jini ya Sftpc, imene imapanga SP-C, monga timachitira ndi antibody iliyonse. Pamenepo sipayenera kuoneka kanthu. Mzere uja unali pomwepo, wakuda bii. Titaunikitsa peptide ija pa mass spectrometry, njira younikira zimene zili m'chinthu, inapezeka kuti inali yosakanikirana ndi zina. Ogulitsawo mpaka lero akunena kuti vuto linali furiji yathu. Chikalata chosindikizidwa bwino sichiyeretsa katundu, abale.

Panali otilangiza kuti tingogulitsa antibodyyo, poti mzere ukuoneka ndipo palibe angadziwe. Tinakana, tinataya zonse. Kodi wophunzira wa PhD amene akanalemba zotsatira zabodza chifukwa cha botolo lathu tikanamuyang'ana ndi nkhope yanji? Nthawi yomweyo otikongoza ndalama, amene ankatiyamikira zinthu zikuyenda, anayamba kuimba foni m'mawa ndi madzulo. Mmodzi anatifunsa ngati mafuriji athu angakwane chikole. Ngongole yawo tinabweza yonse, koma kumeneko sitidzabwererako.

Za tsiku ndi tsiku sindichulukitsa: kuyeretsa seramu, kuyeza, kulemba, kuyezanso.

Zikomo kwambiri kwa anzanga a mu labotale amene anapirira malipiro akuchedwa koma osachoka. Zikomo kwa dokotala wa ziweto amene amaonetsetsa kuti akalulu athu akusamalidwa motsatira malamulo. Zikomo kwa ofufuza amene anatigawira minofu ya mbewa zopanda jini ija osatilipiritsa, chifukwa popanda iwo sitikanaona vutolo. Zikomo kwa madokotala a makanda amene amatifotokozera zimene amaona mwana akabadwa wopanda SP-B, matenda otengera kumtundu amene amalepheretsa mwana kupuma atangobadwa. Ndithokozenso makasitomala oyambirira amene anatikhulupirira tisanadziwike, amene amatitumizira zithunzi za maselo owala pa maikulosikopu, komanso amene anatidzudzula mosabisa mawu. Kwa a m'banja mwathu, amene anatisunga pamene kampani inalibe chotipatsa, mawu sangakwane.

Ngati mukufufuza za mapapo a makanda, za fibrosis (zipsera zoumitsa mapapo), kapena mukuyeza SP-D m'magazi pofuna kuona kuvulala kwa mapapo, bwerani tikambirane. Tili ndi ma antibody a njira zitatu zoyezera: Western blot, immunohistochemistry ndi ELISA. Botolo lililonse limabwera ndi chithunzi cha kuyezedwa kwa gulu lomwelo limene mwagula, pa minofu yokhala ndi puloteniyo komanso pa yopanda, ndipo timalemba poyera ngati ikugwira pa munthu, pa mbewa kapena ponse pawiri. Timatumiza zili mu ayisi. Ndi za kafukufuku zokha, osati zopimira odwala kuchipatala. Amene mukufuna kuyamba mwayesa, tilembereni, mutiuze mtundu wa minofu yanu ndi njira imene mumagwiritsa ntchito, tikutumizirani kabotolo kakang'ono koyesera.